Ndinasintha mutu wa vidiyo ya bambo, anthu anabwera kudzawaseka

Aphungu,

Kalatayi ndakhala ndikuiyamba n'kuisiya kwa sabata yathunthu. Nkhani yake ikhoza kuoneka ngati ya pafoni chabe, koma ine yandizunguza mutu, ndipo kunyumba palibe amene ndingamuuze chifukwa wolakwa ndine ndemwe.

Bambo anga ndi okonza makina osokera. Agwira ntchitoyi zaka makumi anayi ndi chimodzi m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu. Matelala a mumsewu wathu amawatchula kuti a Dokotala, ndipo iwo dzinalo salikana. Mukalowa mumapeza mitu ya makina itandandalikidwa pashelefu, uliwonse uli ndi kapepala komangirira ndi ulusi. Pakapepalapo salembapo dzina la vuto monga akulidziwira iwo. Amalemba zimene mwini makina wanena polowa pakhomo: "akudula ulusi", "akudumphadumpha", "akukwinya nsalu", "akulira ngati chigayo". Amati wodwala umayamba wamumvera kaye usanamugwire.

Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Kuchipatala anawapatsa mankhwala, koma anatiuza mosabisa kuti vutoli silitha, lizingochepa masiku ena. Bambo ananena okha kuti chaka chino chikatha aika zida pansi. Kwatsala miyezi inayi. Ana tilipo atatu, tonse aakazi, ndipo palibe amene anaphunzira ntchitoyo. Ine ndine kalaliki pakampani ina yomanga nyumba. Pa nkhani ya makina, chimene ndimadziwa ndi kulowetsa ulusi pasingano basi.

Maganizo oti tiziwajambula mavidiyo n'kumaika pa intaneti anali anga. Anakana kwa miyezi iwiri. "Ine si wa pakanema," ankatero. "Wofuna kuphunzira abwere adzakhale pabenchi apa." Ndinawakumbutsa kuti pabenchipo papita zaka zisanu popanda wokhalapo. Loweruka lina ndinawapeza atalemba mndandanda wa maphunziro makumi atatu kuseri kwa kalendala yakale. Koma anaika lamulo lawo. Anati: "Mayi, ndikangoona kuti ndikulankhula ndi khoma, ndisiya. Sindinakalambire kuti ndizichita masewera."

Tinayamba kujambula Loweruka lililonse masana, makasitomala akachepa. Foni ndimaitsamiritsa pa chitini cha mabatani. Mitu ya mavidiyo ankanena ndi iwo, ine n'kumangolemba: "Phunziro Loyamba: Ulemu kwa Chida", "Phunziro Lachiwiri: Kumvetsera", "Phunziro Lachisanu: Nthawi ya Singano ndi Shatulo". Shatulo ndi kachitsulo ka pansi pa singano kamene kamakola ulusi. Pamalo paja pamene munthu amalembapo mawu ofufuzira, oti athandize anthu kuipeza vidiyo, ndinkaika zimene zandibwerera: makina, phunziro, luso, bambo. Patatha masabata asanu ndi limodzi tinali ndi mavidiyo asanu ndi atatu, ndipo yopambana inali itaoneredwa ka 43. Mwa 43 ameneyo, 15 ndikudziwa kuti ndine ndi achemwali anga.

Bambo akandiona amafunsa funso limodzi: "Lero odwala angati?" Ndikatchula chiwerengero cha oonera ankangogwedeza mutu n'kupitiriza kupukuta bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi. Ndinayamba kuopa kuti lamulo lija lili pafupi kugwira ntchito.

Ndiye ndinadandaulira mlamu wanga, mwamuna wa achemwali aakulu, amene amagulitsa mafoni. Anaona mituyo n'kuseka mpaka kukhala pansi. "Mlamu, mwalonga katundu wabwino m'katoni yosalemba. Ndani angafufuze ulemu kwa chida? Ndi ulaliki umenewu?" Ndinamupatsa foni ndi pasiwedi yomwe ya tsamba la mavidiyowo.

Mu vidiyo yachisanu muli malo ena pamene kasikuluwu kakuwapulumuka bambo katatu. Kachitatuko amawerama kukayang'ana pansi pa tebulo n'kunena kuti, "Kameneka kali ndi miyendo." Mlamu anaimitsa vidiyo pamenepo. Anasintha mutu kukhala "Onani zimene mdala uyu wachita, museka mpaka nthiti kuwawa". Chithunzi cha pamwamba anaika nkhope ya bambo atayasama pansi pa tebulo. Mawu ofufuzira anaika nthabwala, zoseketsa, mdala, mpira, nyimbo zatsopano. Ndinafunsa ngati limeneli si bodza. "Bodza lili pati, mlamu? Kasikuluwu sikanagwe? Nyambo ndi nyambo. Akalowa aphunzira okha."

Ndinavomera, Aphungu. Sanandikakamize.

M'masiku asanu vidiyoyo inafika pa 4,200. Ndinathamangira kukawauza bambo chiwerengerocho, osatchula za mutu. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Zikwi zinayi? Ndiye kuti matelala alipo ambiri chonchi padziko?" Ndinati inde. Mawa lake, Loweruka, ndinawapeza atameta, atavala khoti lawo loyera la kuntchito losita bwino, limene anasiya kulivala kalekale. Tsiku limenelo tinajambula vidiyo yachisanu ndi chinayi, ndipo sindinawaonepo akuphunzitsa mokoma choncho.

Ndemanga za anthu ndinaziwerenga Lolemba pa nthawi yopuma kuofesi. Wina analemba kuti, "Mdalayu wayamba m'mawa kumwa." Wina anati, "Apumitseni agogowa asanameze sikuluwu." Wina anadandaula kuti wataya bandulo yake pachabe chifukwa sanaseke. Zinalipo zoposa makumi asanu zoterezi. Bambo samwa, ndipo dzanja lonjenjemeralo ndi limene linatiphunzitsa sukulu tonse atatu. Ndemanga imodzi yokha ndiyo inali yosiyana. Mayi wina anafunsa kuti, "Bambo, makina anga amadumpha pansalu yokhuthala pokha, ndichite chiyani?" Mpaka lero sanayankhidwe, chifukwa kuti ndiwafunse bambo ndiye kuti ndiwaonetse tsambalo.

Nthawi yomweyo ndinabwezera mutu wakale. Anthu anasiya kubwera. Ndinachita mantha n'kuika mutu wina wapakatikati. Kenako ndinaika mawu achingerezi, mawa lake n'kuwachotsa. Ndinakopera mawu ofufuzira a vidiyo ina yakunja imene inaoneredwa ndi anthu mamiliyoni. Ndinagwiranso mavidiyo enawo. M'masabata awiri, mutu wa vidiyo yachisanu ndausintha kasanu ndi kawiri. Ndimatsegula foni pa minibasi, pamzere wa kubanki, ngakhale m'kati mwa msonkhano wa kuntchito. Tsopano imaoneredwa ndi anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu patsiku. Mlamu akuti ndaipha. Akuti tsambalo limakwiya munthu akamasinthasintha, ndipo mankhwala ake ndi kufufuta zonse n'kuziikanso ndi mitu yake ija.

Ma Loweruka awiri apitawa sitinajambule. Ndinanama kuti foni yadzaza. Zoona zake n'zakuti ndikulephera kuwayang'ana ali m'khoti lija. Akafunsa za odwala ndimati akubwera.

Loweruka lapitali a Telala a pakona, amene adziwana ndi bambo ine ndisanabadwe, anandiimitsa pakhonde pawo. "Mwana wa a Dokotala, ndawaona bambo ako pafoni ya mpongozi wanga. Mutu ujawu analemba ndani? Eni ake akudziwa?" Ndinati ndinauchotsa kale. Anapitiriza kudula nsalu osandiyang'ana. "Ine sindinena. Koma matelala umatidziwa. Makina akaima, pakamwa pamayamba."

Ndithandizeni. Kodi ndapheratu mavidiyowa posinthasintha? Ndifufute n'kuyambiranso? Nthawi zina ndimaganiza zobwezera mutu wa mlamu, chifukwa chiwerengero chija ndicho chinawapatsa bambo mphamvu, ndipo maphunziro otsala ndi ambiri. Nanga ndikawauza zoona n'kusiya, si ine amene ndidzakhale ndataya zonse zimene zili m'mutu mwawo?

Ndine,
E. M. K., mwana wa a Dokotala a makina

Mayi E. M. K.,

Khalani pansi kaye, foniyo muiike m'chikwama. Tiyambe ndi zimene zingawerengedwe, chifukwa mantha anu ambiri ali pa chinthu chimene sichinachitike, pamene choopsa chenicheni mwachiika kumapeto kwa kalata.

Simunaphe chilichonse. Mwanena nokha kuti vidiyo yanu yopambana inaoneredwa ka 43 m'masabata asanu ndi limodzi. Ameneyo ndi munthu mmodzi patsiku, ndipo tsiku lachitatu lililonse munthuyo munali inu kapena achemwali. Lero vidiyo yachisanu ikupeza anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposa patsiku. Sindikuti zimenezi ndi chipambano, mwina ena ndi otsalira a gulu lija. Koma kumeneko si kufa. Mukumva ngati mwagwa chifukwa mukudziyeza ndi 4,200, ndipo anthu amenewo sanali anu. Anaitanidwa ku nthabwala. Mutachotsa chikwangwani cha nthabwala anasiya kubwera, monga mmene zinayenera kukhalira.

Musangokhulupirira ine. Tsegulani gawo la ziwerengero la vidiyoyo muone kuti anthuwo ankaonera kwa nthawi yaitali bwanji. Ndikhulupirira mupeza kuti ambiri ankachoka miniti yoyamba isanathe, ena n'kudumphira pa kasikuluwu n'kutuluka. Amene anaonera mpaka pamene bambo akulongosola za singano ndi shatulo, amenewo ndiwo odwala enieni, ndipo chiwerengero chawo ndicho muyenera kuchidziwa.

Zakuti tsamba limakwiya, ndawerenga malangizo amene eni masamba akuluakulu a mavidiyo amalembera anthu oikapo zinthu, ndipo mkwiyo sindinaupezemo. Mutu, mawu ofotokozera, chithunzi ndi mawu ofufuzira amalola kuzisintha nthawi iliyonse, ndipo vidiyo imasungabe adiresi yake, chiwerengero chake ndi ndemanga zake. Mmene makompyuta awo amasankhira vidiyo yoti aonetse munthu, tsatanetsatane wake sakuuza aliyense, choncho amene akulumbira kuti akudziwa zonse akungoganiza. Chimene mwataya posintha kasanu ndi kawiri n'china: simunaphunzirepo kanthu. Ziwerengero zina zimachedwa kuonekera tsiku limodzi kapena awiri, ndiye mumachotsa mutu musanaone chimene wachita. Afunseni bambo ngati angasinthe singano, kumanga ulusi ndi kusuntha shatulo nthawi imodzi, kenako n'kudziwa chimene chinali vuto.

Musafufute. Mukafufuta mutaya ochepa enieni amene mwapeza, adiresi imene ena anatumizirana isiya kugwira ntchito, ndipo funso la mayi wa nsalu yokhuthala lipita nazo limodzi. Mutu wa mlamu musaubwezerenso. Mitu yonyenga ndi mawu ofufuzira osagwirizana ndi zimene zili mu vidiyo, monga mpira pa phunziro la makina, ndi zoletsedwa m'malamulo a masambawa, ndipo vidiyo ikhoza kuchotsedwa chifukwa cha zimenezo. Ngakhale isachotsedwe, nyambo yotereyi imaluma mwini wake. Anthu olakwika akamalowa n'kutuluka msanga, umboni umene ukusonkhanitsidwa ndi wakuti vidiyoyi imakhumudwitsa oonera.

Komabe mlamu wanu ananena chinthu chimodzi choona, ndipo timupatse chake. Palibe amene angafufuze ulemu kwa chida. Bambo anapereka mitu ngati mphunzitsi amene ophunzira ake akhala kale pabenchi. Koma munthu amene akulemba pafoni sali pabenchi. Ndi telala amene diresi la mwini wake likufunika mawa, makina akudumpha, ndipo iye sadziwa kuti vutolo lili pa nthawi ya singano ndi shatulo. Akanadziwa sakanafufuza. Amalemba dandaulo lake monga likumuwawira.

Madandaulo amenewo muli nawo kale, akulendewera pashelefu. Anthu ena amalipira akatswiri kuti awauze mawu amene makasitomala amagwiritsa ntchito. Bambo anu akhala akuwalemba patimapepala zaka makumi anayi. Pitani ndi kope mukakopere timapepala tonse, ndipo muwafunse madandaulo amene amabwera kawirikawiri. Kenako lembani mawu oyamba a dandaulo lililonse m'bokosi lofufuzira la tsambalo, muone mmene likumalizitsira lokha, chifukwa zimene limamalizitsazo zimachokera ku zimene anthu amafufuza. Mawu a chinenero chathu mwina sangabweretse zambiri, musadabwe nazo. Ndiye chitani chinanso: pemphani matelala atatu, aliyense payekha, kuti afufuze pafoni pawo ngati makina awo adumpha, inu mukuonerera osawauza cholemba. Muona ngati amalemba m'Chichewa, m'Chingerezi kapena mosakaniza, ndi mmene amalembera. Zimene muone pamenepo n'zodalirika kuposa mawu a vidiyo yakunja imene munakopera, imene inapangidwira anthu ena ndi makina ena.

Mutu uyambe ndi dandaulo, dzina la bambo la phunzirolo libwere pambuyo. Mwachitsanzo: "Makina osokera akudumphadumpha: konzani nthawi ya singano ndi shatulo, Phunziro 5". Potero telala wapeza khomo, bambo sanataye ndondomeko yawo. Mizere iwiri yoyamba ya mawu ofotokozera ikhale ziganizo zenizeni zonena vuto, mtundu wa makina ndi chimene munthu aphunzire. Malo aja olembapo mawu ofufuzira, amene mwatayirapo nthawi yambiri, ndiwo ali ndi mphamvu yochepa pa zonsezi. Eni masamba amanena okha kuti mutu, chithunzi ndi mawu ofotokozera ndizo zofunika kwambiri, ndipo malowo amathandiza makamaka pa mawu amene anthu amawalemba mosiyanasiyana. Ikanimo ochepa oona. Mpira ndi nyimbo muchotse lero. Pachithunzi cha pamwamba ikani nsalu yooneka pamene ulusi wadumpha, kapena manja a bambo ali pa shatulo. Pachithunzi dzanja silinjenjemera.

Popeza mavidiyo onse munawagwiragwira, akonzeni onse kamodzi mwa njira imeneyi. Lembani pakope tsiku, mutu wakale ndi mutu watsopano wa iliyonse. Mukatero asiyeni masabata anayi. Ndikudziwa kuti chala chiziyabwa. Koma pamene oonera ndi ochepa chonchi, kusiyana kwa Lachiwiri ndi Lachitatu sikutanthauza kanthu. Munthu mmodzi kungotumizira anzake anayi, inu mudzaganiza kuti mutu wagwira ntchito. Ziwerengero muziziona kamodzi pa sabata, tsiku limodzimodzi, mutakhala patebulo, osati pa minibasi.

Masabata anayi akatha, yang'anani mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, chifukwa gawo la ziwerengero limaonetsa ena mwa iwo. Mukapeza mawu amene simunawaganizire koma akugwirizana ndi phunzirolo, alowetseni m'mutu kapena m'mawu ofotokozera. Ngati vidiyo ikuonetsedwa kwa anthu koma sakuitsegula, vuto lili pa mutu kapena pa chithunzi. Ngati akuitsegula n'kuchoka msanga, ndiye kuti mutu ukulonjeza china, kapena chiyambi chikuchedwa kufika pa nkhani. Pamenepo sinthani chinthu chimodzi chokha, lembani tsiku, dikiraninso. M'mavidiyo atsopano, bambo aziyamba ndi kutchula dandaulolo pakamwa, monga amachitira akamawerenga kapepala, malonje abwere pambuyo. Ndipo musayembekeze zikwi. Okonza okha makina awo si ochuluka ngati okonda kuseka. Phunziro lotere limayenda pang'onopang'ono, koma silitha ntchito, chifukwa makina adzadumphabe chaka chamawa.

Pasiwedi musinthe lero lomwe. Mlamu mumuthokoze, muzichezabe naye, koma pa tsambalo asagwirenso. Ndemanga zonyoza zikhoza kubisidwa, ndipo mungathe kukonza kuti zatsopano zizidikira inu muzione kaye. Koma zakalezo musazichotse musanalankhule ndi bambo, mungadzaoneke ngati mumabisa umboni.

Tsopano tifike pa zimene mukuziopa. Auzeni bambo, ndipo muwauze lisanafike Loweruka. A Telala a pakona sanakuopsezeni, anakuchitirani chifundo pokupatsani masiku ochepa. Ngati mpongozi wawo anaiona, enanso anaiona, ndipo nkhaniyi ikawapeza bambo kudzera pakamwa pa kasitomala, adzapwetekedwa kawiri: ndi kusekedwa, ndi kudziwa kuti mwana wawo ankadziwa n'kumawaonerera akusita khoti.

Mukuti chiwerengero chija ndicho chinawapatsa mphamvu. N'zoona. Koma kumbukirani zimene anapempha. Anati safuna kulankhula ndi khoma. Sananene kuti muwapezere gulu lililonse. Munthu amene anakana khoma sangasangalale kudziwa kuti ankalankhula ndi anthu omutchula chidakwa. Ndipo bodzali lasiya kale kukuthandizani, chifukwa ndi lomwelo lakulepheretsani kujambula ma Loweruka awiri.

Muwapeze kushopu ali okha. Nenani zinthu mwa dongosolo lake: munachita mantha ndi chiwerengero chochepa, munalola kuti mutu usinthidwe, mutuwo unali wakuti, ndipo anthu zikwi zinayi aja ambiri sanali matelala. Mlamu mumutchule poti analipo, koma musabisale kumbuyo kwake. M'kalata mwandiuza kuti sanakukakamizeni, ndiye mawu omwewo muwauzenso bambo. Simuyenera kuwawerengera chipongwe chilichonse, koma akapempha kuona musawakanize. Ndi munthu wamkulu, ndipo dzanja lawo amalidziwa kuposa olemba ndemangawo. Kenako muwapatse chiwerengero choona cha amene anaonera mpaka kumapeto, ngakhale atakhala makumi awiri, ndi funso la mayi uja. Mayiyo wadikira masabata awiri, ndipo woyankha ndi iwo okha.

Za vidiyo yachisanu agamule ndi iwo. Ikhoza kukhala mmene ilili ndi mutu woona, mukhoza kudula gawo la kasikuluwu, kapena kuibisa kuti isaonekenso. Nkhope ndi yawo. Munawalanda ufulu umenewo kamodzi, musabwerezenso ngakhale ndi cholinga chabwino.

Sindikulonjezani kuti amvetsa. Akhoza kukwiya n'kunena kuti basi. Akatero musalimbane nawo tsiku lomwelo. Mkwiyo ukatsika, muwasiyanitsire zinthu ziwiri zimene inu mwaziphatikiza: kujambula ndi kuika pa intaneti. Apempheni kuti mupitirize kujambula ngakhale mavidiyowo azingokhala m'nyumba, mpaka iwo adzalole okha. Zimenezo akhoza kuvomera ngakhale atakana zinazo. Ndipo akavomera kupitiriza, musadzawalonjezenso chiwerengero chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Muziwauza chimene chilipo.

Chenjezo langa ndi la kalendala. Maphunziro otsala ndi 21. Miyezi inayi ili ndi ma Loweruka pafupifupi 17, ndipo madokotala anakuuzani kuti masiku onse sadzakhala ofanana. Masiku akuchepa kale kuposa maphunziro, choncho pa masiku amene dzanja lili bwino muzijambula awiri. Mutu wa vidiyo mungausinthe ngakhale patapita zaka zisanu, mawu ofufuzira mungawakonze bambo atapuma kale. Koma phunziro limene simunalijambule dzanjalo lidakatha kugwira sikuluwu, palibe mawu amene adzalipeze.

Aphungu